Namwino akamatsanzika, wodi akuisiyira yani?

Pali mtundu wina wa zolemba umene wakula kwambiri pakati pathu zaka zino, ngakhale palibe mphunzitsi wa Chichewa amene anauika pa silabasi. Ndikunena uthenga wotsanzika wa namwino amene akupita kunja. Mwauwerengapo, ndikudziwa. Umabwera pa Facebook kapena pa status ya WhatsApp. Pamwamba pamakhala chithunzi cha munthu atavala yunifomu komaliza, m'munsi chikwama chachikulu pabwalo la ndege la Chileka kapena la Kamuzu. Mawu ake sasintha kwenikweni. Amayamba ndi kuthokoza Mulungu amene watsegula khomo, amathokoza makolo, amati anzake a pantchito anali ngati banja, kenaka amatseka ndi lonjezo loti kwathu nkwathu, tidzaonananso. Ife timathirapo timitima nkulemba kuti, "Mukatikumbukire, asisita."

Ine mauthenga amenewa ndimawawerenga ngati zolemba, chifukwa ndi zolembadi, ndipo amawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa ndakatulo zathu zonse za pa blog. Chimene chimandivuta nchakuti pafupifupi onse amabisa anthu awiri. Woyamba ndi mwini wake wolembayo, amene zifukwa zake zenizeni zochokera sizioneka paliponse. Wachiwiri ndi mnzake amene agwire naiti ya mawa m'malo mwake. Anamwino sindikuwaimba mlandu pa zimenezi. Munthu amalemba ndi nkhani zimene analeredwa nazo, ndipo ife tinaleredwa ndi nkhani zitatu za ulendo. Zonse ndi zabwino m'malo mwake, koma palibe imene ingasenze kutsanzika kwa namwino. Tiyeni tizione imodziimodzi.

Mthunzi wa Gwenembe

Ambiri a ife nkhani ya munthu wopita kukafuna chuma kutali tinakumana nayo koyamba m'buku la J.W. Gwengwe, Sikusinja ndi Gwenembe, limene linatuluka m'zaka za m'ma 1960 kuchokera ku nthano imene agogo ankaidziwa kale. Abale awiri amapita kukagwira ntchito kutali ndi kwawo. Wina amabwerako ndi chuma, wina chimanjamanja. Panjira Gwenembe amapha m'bale wake kuti atenge katunduyo, koma kambalame kamamutsatira kakuimba mpaka chinsinsi chaululika kumudzi.

Nthanoyi ndi yamphamvu, ndipo kambalameko nkamene kamaipatsa mphamvu: magazi a m'bale sakwiririka. Koma taonani kumene maso ake akuloza. Ali pa katundu wobwera naye. Funso la nthano nlakuti wapeza chiyani, ndipo ndani akuchitira nsanje. Mudzi ndi malo odikirira basi, komwe anthu amayembekeza kuti aone mtolo. Ngozi yonse ya ulendo ili mumtima wa m'bale wako amene sanapeze zimene iwe wapeza.

Musaganize kuti nthanoyi inatsalira m'kalasi. Mwaona kuti mauthenga ambiri otsanzika amatuluka munthu ali kale pabwalo la ndege, mwinanso atafika kale? Miyezi yonse yokonzekera amakhala chete. Mayeso amalemba mobisa, kalata yosiya ntchito amaipereka mochedwa momwe angathere, azakhali ena amamva tikiti itagulidwa. Mukamufunsa akuuzani kuti zinthu zikalankhulidwa msanga zimaonongeka. Ameneyo ndi Gwenembe akuyendabe kumbuyo kwathu. Zotsatira zake nzakuti kutsanzika kwenikweni, kokhala pansi nkuuzana zoona, kumasowa nthawi. Chimatsala ndi chilengezo.

Kumbuyo kwa nthanoyi kuli mbiri yeniyeni. Agogo athu aamuna anapita ku Halale ndi ku Joni, ena ndi Wenela, ena pambuyo pake ndi Theba. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kuchokera ku migodi, ndipo Kamuzu anaimitsa kalembera wa ku migodiko. Amene sanabwerenso konse tinawapatsa dzina, matchona. Mawu a otsala analipo ndithu, koma anali pamtondo. Amayi ankasinja akuimba za mwamuna amene anapita osatumiza ngakhale kalata. Kuno ku Machinga ndi ku Balaka ulendo wa ku Joni sunathe, anyamata akukwerabe mabasi odzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ndipo pachikamwini mkazi ndiye amatsala pamudzi pa amayi ake.

Ndiye mwambo wathu unagawa ntchito motere: mwamuna apite, mkazi aimbe. Lero nthawi zambiri amene akukoka chikwama ndi mkazi, wophunzira, wolandira malipiro ake, amene mwina akusiya mwana m'manja mwa agogo. Ndipo kupatula a kubanja, akusiyanso gulu lina limene nthano ya Gwengwe ilibe malo ake: odwala, amene si abale ake koma amadalira manja ake.

Ulendo wa ngwazi

Nkhani yachiwiri ndi ya Legson Kayira. Mu 1958 mnyamata ameneyu ananyamuka wapansi kuchokera kumpoto kwa Nyasaland, cholinga chake nkukafika ku America kukaphunzira. Anadutsa Tanganyika ndi Uganda, akugwira maganyu panjira, mpaka anafika ku Khartoum, ndipo mu 1960 anakafika pa Skagit Valley College m'chigawo cha Washington. Buku lake, I Will Try, linatuluka mu 1965, ndipo mutu wake anautenga ku mbalume ya sukulu yake ya Livingstonia. Ndi buku losavuta kuwerenga, lopanda matama, ndipo aliyense amene anavutikapo ndi fizi amadziona m'menemo.

Mauthenga otsanzika a anamwino amakonda kuyenda m'mapazi a nkhani yamtundu umenewu, atasakaniza ndi kalankhulidwe ka umboni wa kutchalitchi. Pamakhala mapiri oti akwere, ndipo ndi mapiridi. Mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, amene mtengo wake umatha malipiro a mwezi. Mayeso a pa kompyuta a CBT. Makalata otsimikizira ochokera ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Mayeso a OSCE ukafika ku Britain. Amene anakonzekera kumayambiriro kwa 2024 anakumananso ndi vuto la mapasipoti, pomwe makina a ku Immigration anaima kwa masabata angapo. Wopyola zonsezi ali ndi ufulu wosangalala, ndipo ine ndimasangalala naye.

Koma nkhani ya ngwazi ili ndi munthu mmodzi yekha. Ena onse ndi othandiza kapena otchinga njira. Kwa Kayira zimenezi zinali zoona, chifukwa iye ananyamuka kukafuna maphunziro amene kwawo kunalibe, ndipo panalibe wodi imene inatsala yopanda munthu chifukwa cha kuchoka kwake. Namwino akunyamuka ndi maphunziro amene anawapeza konkuno, ku Kamuzu College of Nursing, ku Malawi College of Health Sciences, kapena ku makoleji a CHAM ngati St Luke's ya ku Malosa. Akavala chovala cha Kayira, odwala ake amasanduka mbali ya mavuto amene wawagonjetsa. Ndiponso tisaiwale mmene moyo wa Kayira unathera, zimene bukulo silikanatha kutiuza. Anakhazikika ku Britain, analemba The Detainee mu 1974 nthawi imene buku lotere silikanakondweretsa boma la kuno, ndipo anamwalira ku London mu 2012. Lonjezo loti tidzabwerera ndi losavuta kulemba uli pabwalo la ndege.

Nkhani ya mtolankhani wakunja

Nkhani yachitatu sitinailembe ife, koma yatilowerera kwambiri. Mu Julayi 2004 nyuzipepala ya The New York Times inasindikiza nkhani yaitali ya Celia Dugger yonena za kuchoka kwa anamwino a mu Africa, ndipo chitsanzo chake chachikulu chinali Malawi. Iye anapita ku chipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene lero timati Kamuzu Central. Analemba kuti chipatala cha mabedi 830 chimenechi chinkayenera kukhala ndi anamwino 532 koma munali 183 okha, ndipo ambiri mwa ochokawo analowera ku Britain.

Nkhaniyi inachita chimene Gwengwe ndi Kayira sanachite: inalowa m'wodi. Inaonetsa amayi oyembekezera ndi makanda, inaonetsa kuti kuchoka kwa munthu mmodzi kumagwera pamsana pa wina. Pamenepo ndiyenera kuipatsa ulemu wake. Vuto lake nlakuti inalembedwera wowerenga wa ku New York, kuti amve chisoni ndi kufunsa maboma a mayiko olemera. Anamwino amalankhulamo ndithu, koma amalankhula ngati mboni pa mlandu wa anthu ena. Namwino amakhala gawo la chiwerengero chimene chikuchepa, ngati madzi akutuluka mu ndowa yobooka. Ife titatengera kalankhulidwe kameneka tinayamba kunena kuti anamwino "akuthawa", ngati kuti munthu wofuna malipiro okwanira ndi mkaidi wodumpha mpanda.

Nkhani yamtundu umenewu imakondanso chiwerengero chodzidzimutsa kuposa choona. Mwamvapo zoti mumzinda wa Manchester muli madokotala a Chimalawi ambiri kuposa m'Malawi monse? Zinanenedwa kwa zaka m'misonkhano ndi m'nyuzipepala. Mu 2012 pulogalamu ya BBC yofufuza ziwerengero, More or Less, inazitsata ndipo inapeza kuti si zoona. Komabe mpaka lero pali anthu amazibwereza, chifukwa zimamveka bwino pakamwa.

Chinanso, nkhani ya 2004 inakalamba. Nthawi imeneyo boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, linayambitsa ndondomeko yapadera ya ogwira ntchito zaumoyo imene inakweza malipiro awo ndi 52 peresenti ndi kuchulukitsa ophunzira m'makoleji. Mu 2006 Britain nayo inachepetsa mwayi wolemba anamwino wamba ochokera kunja. Ochoka anachepa, omaliza maphunziro anachuluka. Kenaka panabuka vuto lachilendo: anamwino ophunzira bwinobwino okhala pakhomo chifukwa boma lilibe ndalama zowalembera ntchito, pamene m'zipatala muli mipata yambirimbiri.

Mu 2022 bungwe la anamwino ndi azamba la NONM linalengeza zoti likufuna kutumiza anamwino osowa ntchito ku United States ndi ku Saudi Arabia, boma nkuletsa. Mu 2023 bungwe la WHO linatulutsa mndandanda wa mayiko 55 amene ali ndi ogwira ntchito zaumoyo ochepa kwambiri moti mayiko ena sayenera kukakopako anthu, ndipo Malawi ali pomwepo. Munthu payekha saletsedwa kufunsira ntchito, choletsedwa ndi kubwera kudzasaka. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo malipiro a namwino anafota usiku umodzi iye ali pa shifiti. Ndiye lero mutha kupeza namwino akuchoka, malo ake nkukhala opanda munthu miyezi ingapo, pamene mnzake wa kalasi imodzi akugulitsa kaunjika akudikira kuitanidwa. Mawu oti "akuthawa" sangafotokoze zimenezo.

Kuchoka kwa munthu mmodzi kuno kwathu

Tiyeni tibwere pansi. Pa kalembera wa 2018 boma la Machinga linali ndi anthu oposa 700,000, la Balaka oposa 400,000. Chipatala chachikulu cha Machinga chili pa Liwonde, koma munthu wa ku Chikweo, Ngokwe kapena Nayuchi kumalire ndi Mozambique amadalira chipatala chaching'ono cha kwawo, ndipo nthawi ya dzinja msewu wopita ku Liwonde si wamasewera. Chimodzimodzi wa ku Utale kapena Phimbi ku Balaka. Kolera woopsa amene anayamba mu 2022 nkupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, wodwala wake woyamba anapezeka kuno ku Machinga, patangopita masabata ochepa chidutsireni namondwe wa Ana. Amene ankaika madiripi usiku wonse m'matenti aja ndi anamwino omwewa amene lero tikuwathirira timitima.

Mumzinda, namwino mmodzi akachoka ndandanda ya mashifiti imangofinyika. Pa chipatala chaching'ono cha kumudzi pomwe azamba ali awiri kapena atatu, kuchoka kwa mmodzi kumatanthauza kuti wotsalayo azigogodedwa pakhomo usiku uliwonse. Kumatanthauza kuti tchuthi chake chaimitsidwa, kuti maliro a kwawo apitako mochedwa. Zimenezi zonse wochokayo amazidziwa bwino kuposa ife, chifukwa nayenso anatsalapo wina atachoka. Nchifukwa chake chete wa mauthenga aja amandivuta. Wolemba akudziwa chinthu cholemera kwambiri m'nkhani yake, koma mtundu wa zolemba umene wautenga sukumulola kuchinena.

Chaka chatha ndinakhala nawo pa phwando lotsanzikana ndi msuweni wanga pa chipatala china chaching'ono. Panali mpunga ndi nkhuku, zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndi chitenje chimene anzake anasonkherana. Akuluakulu analankhula zimene timaziyembekeza: anali wolimbikira, akakhale kazembe wathu, asakaiwale kwawo. Iye anayankha mawu ofanana ndendende ndi amene anadzalemba pa Facebook patapita masiku atatu. Tikutuluka, mayi wina wachikulire amene ankadikirira mwana wake ku chiyembekezo anamugwira dzanja nkumufunsa, "Anesi, tamva kuti mukupita. Nanga mukutisiyira yani?" Msuweni wanga sanayankhe zokometsera. Anamutchulira mnzake wotsalayo, anamuuza kuti mwanayo magazi ake akuthamanga pang'ono ndipo walemba kale m'buku kuti aziyezedwa pafupipafupi, ndiponso kuti akangodandaula mutu kapena kuona zachizimezime asadikire kucha, akagogode.

Pa mawu onse a tsiku limenelo, amenewa okha ndi amene anali ndi nyama. Munalibe kudzitama, munalibe kupepesa. Ndipo sanawatenge m'buku lililonse la nkhani. Anawatenga ku ntchito yake.

Zolemba zimene anamwino ali nazo kale

Namwino aliyense amatsanzika kawiri patsiku. Shifiti ikatha sangovula yunifomu nkumapita, amapereka handover. Amayenda ndi wolowayo bedi ndi bedi, lipoti lili m'manja. Uyu wabwera nthawi yakuti, wapatsidwa mankhwala akuti, diripi yake yatsala theka. Uyu sanadye. Uyu mumuyang'anitsitse, kupuma kwake sikundisangalatsa. Mankhwala akuti atha, ndawauza a ku famase. Kenaka amasaina nkumapita kukagona.

Ngati zolemba, lipoti limeneli lili ndi zonse zimene uthenga wa pa Facebook ukusowa. Limalembedwera munthu wodziwika, amene akutsala. Limatchula zinthu ndi mayina ake. Limanena poyera ntchito imene sinathe, ndipo limatero mopanda manyazi, chifukwa aliyense akudziwa kuti kutha kwa shifiti si tchimo. Munthu sangagwire ntchito maola 24, ayenera kuchoka, ndipo kuchoka kwake kumakhala kwaulemu chifukwa wasiya zoona m'manja mwa mnzake. Limanenanso zimene zikusowa popanda kulalata. Mzere umodzi woti magolovesi atha umauza wowerenga zambiri za unduna kuposa ndime yonse yotukwana andale.

Tangoganizani uthenga wotsanzika wolembedwa ndi mtima umenewo. Woti, ndagwira zaka zisanu, ndipo malipiro anga amatha lendi, transipoti ndi fizi ya mng'ono wanga tisanafike pa 15. Woti, ndikupita chifukwa ndikufuna kumanga nyumba amayi asanamwalire, ndipo ndawerengetsa ndapeza kuti kuno sizitheka. Woti, ndikudziwa kuti kuyambira Lolemba mnzanga akhala yekha, ndipo ndikupempha amene ali ndi mphamvu yolemba ntchito kuti asadikire chaka. Woti, ndikuopa kuzizira, ndikuopa kukayambiranso pansi, ndikuopa kuti mwana wanga azidzandiitana pa foni ngati mlendo. Uthenga wotere ungakhale ndi anthu onse awiri aja amene amabisika, wochoka ndi wotsala, ndipo palibe amene angaoneke ngati ngwazi kapena wachiwembu.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukuganiza. Mukuti aise, munthu wavutika zaka zonsezi, tsiku lake losangalala ufuna alembe lipoti? Bwanji osafunsa nduna? Funsoli nlabwino. Namwino alibe ngongole yotifotokozera chifukwa chimene wasankhira moyo wake, ndipo pali zifukwa zomveka zokhalira wosamala, monga kuopa kukhumudwitsa mabwana amene adzafunike kusaina makalata ena mtsogolo. Chinsinsi cha odwala nacho sichiyenera kutayidwa pa intaneti. Koma taonani amene amapindula ndi uthenga wosalala uja. Namwino akangoti Mulungu watsegula khomo, palibe ofesi imene imafunsidwa chifukwa chake khomo la kuno linali lotseka. Kuchoka kwake kumakhala nkhani ya mwayi wa munthu mmodzi, ndipo mwayi sufunsidwa mafunso. Zoona zikalembedwa, mlandu umachoka pa iye nkupita kumene ukuyenera kupita.

Ndipo ngati namwino sangathe kulemba zonsezi, ntchitoyo ndi yathu, ife amene timadzitcha alembi. Apa ndiye pali mkwiyo wanga weniweni. Ndakatulo ndi nkhani zifupizifupi zambiri zimene ndimawerenga m'magulu athu zikakhudza ulendo wa kunja zimathera m'maenje awiri. Mwina wochokayo amakafika nkulemera, nkhani nkuthera pa nyumba ya malata ndi galimoto. Mwina amakavutika nkubwera m'bokosi, wolemba nkutikumbutsa kuti kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Yoyambayo ndi Kayira wosapsa, yachiwiriyo ndi Gwengwe wopanda kambalame. Zonse zimalumpha mwezi umene uli ndi nkhani yeniyeni, mwezi wa notisi. Masiku 30 amene munthu akugwirabe ntchito pamalo pomwe mtima wake wachokapo kale. Mmene anzake amasinthira kalankhulidwe, wina kumuchitira nsanje, wina kumunong'oneza kuti amuthandize fomu. Mmene amaphunzitsira wotsalayo kachinsinsi koyatsira makina amene amavutavuta. Mmene amagulitsira matiresi ndi mbaula. Naiti yomaliza, imene sikhala yapadera ayi, chifukwa odwala sadziwa kuti ndi yomaliza.

Wolemba amene akufuna nkhani imeneyi safunika viza. Akwere minibasi ya ku Ntaja kapena ya ku Ulongwe, akakhale pabenchi la odikirira odwala, akamvetsere mmene anesi amalankhulirana nthawi yosinthana. Akaphunzire kuti wotsala si woyera mtima nthawi zonse, mwina nayenso akuwerenga za OET pa foni yake nthawi ya 2 koloko usiku, mwina analephera kawiri. Akaphunzirenso kuti wochoka amatha kulira m'chipinda chosungira mankhwala, nkutuluka akuseka. Nkhani ikakhala ndi anthu otere, wowerenga sangaweruze msanga, ndipo mwina angayambe kufunsa mafunso oyenera.

Nafenso owerenga tili ndi mbali yathu. Pansi pa mauthenga aja timangolemba zinthu ziwiri, "mukatikumbukire" kapena "nanunso mwatithawa". Loyambalo ndi la mudzi wodikira mtolo wa Sikusinja, lachiwirilo ndi la nyuzipepala ya 2004. Munthu amene akudziwa kuti tiyankha choncho sangatiuze zoona. Tikanamufunsa kuti chinakuvutani kwambiri nchiyani, kapena kuti amene watsalayo tingamuthandize bwanji, mwina akanalemba zina.

Kwa inu amene tikiti ili kale m'chikwama, pitani bwino, ndipo palibe amene akulandeni chisangalalo chanu. Chithunzi cha pabwalo la ndege chiikeni ndithu. Koma tsiku lina mukadzakhala pa naiti ku Leeds kapena ku Dublin, wodi ili zii, mudzatilembere uthenga wachiwiri, ngati mmene mumalembera lipoti. Mudzatiuze zimene munasiya zitatha, zimene munasiya zisanathe, ndi zimene ife otsala tiyenera kuziyang'anitsitsa. Kalembedwe kameneko mumakadziwa kale kuposa ife tonse.